Zofiira zayala pa mchenga mu thanki ya abwana, ndithandizeni asanabwere

Wankhotakota
Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalowa ndi vuto usiku uno. Ena mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pa nyumba ina kuno ku Umhlanga, pafupi ndi Durban, ndipo chaka chatha abwana anandiwonjezera udindo wosamala thanki yawo ya nsomba za m'madzi amchere. Ndi ya malita 450 kuphatikizapo sump, kathanki ka pansi kosefera madzi. Muli ma clownfish awiri, yellow tang mmodzi, ma chromis asanu, ndi makorali ambiri ndithu, ofewa ndi olimba omwe. Abwanawo ali kunja, abwera pakatha milungu itatu. Tsono sabata yatha panaoneka kadontho kofiira pa mchenga kukona yakumanzere, ngati wina wadonthezapo magazi. Lero zayala theka la mchenga, zikukwera miyala, ndipo zaphimba ma zoa ena (timakorali tofewa tooneka ngati maluwa) moti sakutsegukanso. Ndikapukusa madzi ndi dzanja zimanyamuka ngati nsanza yonyowa, mawa lake zabwereranso. Masana zimakhala ndi timathovu pamwamba. Kodi ndi ndere zimenezi? Ndithire chiyani? Makorali amenewa mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi ingapo, mtima suli m'malo.

Kabaza265
Pepani achimwene, koma ife a mbuna tikugona tulo tofa nato. Madzi, miyala, sefa, basi. Inu kusiya nyanja yakwanu n'kukalimbana ndi yamchere 😂

Wankhotakota
Aise, ndinasankha ndine? Ine ndinabwera kudzatchetcha kapinga.

Akulu a Mathanki
Mphwanga, usiku uno musathiremo kanthu. Tumizani kaye chithunzi, koma muyatse nyali zoyera, chifukwa pa buluu chilichonse chimaoneka chimodzimodzi. Mundiyankhenso izi. M'mawa nyali zisanayake, zofiirazo zimakhala zambiri ngati madzulo kapena zimachepa? Mukang'amba kachidutswa n'kununkhiza, fungo lake ndi lotani? Nanga nkhono zili bwanji, zikuyenda kapena zina zagwa chagada?

Wankhotakota
Chithunzi ndi icho, akulu. M'mawa mchenga umaoneka kuti wayera pang'ono, ine n'kusangalala, koma ikamakwana 2 koloko masana zabwerera mwakale. Fungo ndi la matope a kudambo. Nkhono zili bwino, kungoti zimalambalala pamalo ofiirawo, sizidutsapo.

Akulu a Mathanki
Ameneyo ndi cyano, dzina lonse cyanobacteria, sindikukayika. Kufiira ngati nyama yaiwisi, kunyamuka ngati chikopa, kuchepa usiku n'kubwerera masana, fungo la kudambo, zonsezo ndi iyeyo. Ndinafunsa za nkhono chifukwa pali mdani wina amene anthu amamusokoneza ndi cyano, ma dino (dinoflagellates, tizamoyo ta selo imodzi). Ma dino amakhala abulauni, amatuluka ngati mamina otalika okhala ndi kathovu kunsonga, ndipo mitundu ina imapha nkhono zikadya. Mankhwala a awiriwa ndi osiyana kwambiri, moti ukalakwitsa umadyetsa amene ukufuna kupha. Kuti mutsimikize, tapani zinthuzo ndi madzi ake mu botolo, mukhutchumule kwambiri, musefe pa pepala lopukutira m'manja, madzi osefedwawo muwaike pansi pa nyali kwa ola limodzi kapena awiri. Akakhala ma dino adutsa pa pepalapo n'kusonkhananso kukhala mamina. Cyano amatsalira pa pepala.

Mukatha zimenezo mundipatse manambala onse: nitrate ndi phosphate (zochokera ku zotsalira za chakudya ndi ndowe za nsomba), mchere, kutentha, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi), ndi TDS (kuchuluka kwa zosungunuka) ya madzi amene mumasakanizira mchere.

Mphunzitsi wa ku Zomba
Ine thanki yamchere ndilibe, koma ndilowerereko pa funso loti ndi ndere. Si ndere ayi, ngakhale anthu amatero. Ndi mabakiteriya amene amapanga chakudya chawo ndi kuwala ngati zomera. Kufiirako kumachokera ku chinthu chotchedwa phycoerythrin chimene amakolera nacho kuwala, ndipo ena amaoneka obiriwira modera kapena akuda. Timathovu mukuonato ndi okosijeni amene akutulutsa masana, wakodwa mu ulusi wawo. Mukaika kachidutswa pa maikulosikopu muona timaulusi tikuyenda pang'onopang'ono, tikugwedera uku ndi uku, n'chifukwa chake mtundu wina anaupatsa dzina loti Oscillatoria. Ndi zamoyo zakale kwambiri. Okosijeni anayamba kuchuluka mu mlengalenga zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo chifukwa cha iwowa. Ndiye musaganize kuti muwatha psiti. Ali mu thanki iliyonse, funso ndi loti n'chiyani chawapatsa mpata wolanda malo.

A Kabaza musaseke kwambiri. Spirulina amene mumadyetsa mbuna zanu ndi wa banja lomwelo.

Kabaza265
Aphunzitsi mwandigwira pakamwa.

Wankhotakota
Ndayesa za botolo zija, zonse zatsalira pa pepala, madzi angokhala mbee. Manambala ndi awa. Nitrate pa chiyezo cha Salifert madzi sakusintha mtundu n'komwe, ndiye 0. Phosphate pa chiyezo cha Hanna 0.12. Mchere 1.025. Kutentha 27.5, kuno kukutentha koopsa mwezi uno. Alkalinity 8.1. TDS ikuwerenga 9. Ine ndimayesa nitrate 0 ndiye kuti thanki ndi yoyera bwino, abwana amasangalala akaona choncho.

Achemwali a ku Leicester
Achimwene, 0 ameneyo ndi amene anandiliza ine. Ndili ndi kathanki ka malita 90 pabalaza. Cyano atangoyamba ndinathamangira GFO, mankhwala okoka phosphate m'madzi, ndinadzaza thumba lonse kuti phosphate atheretu, ndinachepetsanso chakudya mpaka nsomba zinayamba kundiyang'ana ngati ndine mfiti. Manambala onse anafikadi pa 0, cyano anachoka, ine n'kudzitama. Patangotha sabata ziwiri kunabwera ma dino, ndinalimbana nawo miyezi inayi. Ndinkabwera ku ntchito ya usiku maso ali ofiira, m'malo mogona ndili ndi payipi m'manja. Walira mvula walira matope. Chonde phosphate wanuyo musamugwetse mwadzidzidzi, 0.12 si ngozi. Makorali nawonso amadya nitrate ndi phosphate, ndipo tizilombo tabwino timene timapikisana ndi cyano pa mchenga timafa ndi njala zonse zikatha.

Mphunzitsi wa ku Zomba
Kuwonjezera apo, mitundu ina ya cyanobacteria imatha kutenga nitrogen wa mu mpweya amene wasungunuka m'madzi, chinthu chimene ndere sizingachite. Ndiye nitrate akatha, phosphate alipo, anzake onse ali ndi njala koma iye akudya. Komanso 0 pa chiyezo satanthauza kuti mulibe. Mwina akulowa tsiku lililonse, koma chikopa chofiiracho chikumeza msanga musanayeze.

Mwana wa ku Chipata
Ba Wankhotakota, ine ndikuona mukuchedwa chabe ndi maphunziro. Muli ndi milungu itatu. Pitani mukagule mankhwala opha cyano a Chemiclean, kasupuni kake kamodzi pa malita pafupifupi 38, chotsani carbon yosefera madzi, zimitsani nyali ya UV yophera tizilombo, ikani mwala wa mpweya, pakatha maola 48 musinthe madzi 20 peresenti. Ine kuno ku Cape Town ndagwiritsa ntchito kawiri, mchenga unayera ngati wa ku gombe, korali ngakhale imodzi sinafe. Bwana akabwera sadziwa n'komwe kuti kunali nkhondo.

Akulu a Mathanki
Mwati kawiri, bambo a ku Chipata. Kachiwiriko kanabwera bwanji ngati koyamba kanathetsa?

Mwana wa ku Chipata
Anabwerera patatha miyezi itatu. Koma miyezi itatu ya mtendere si yochepa.

Akulu a Mathanki
Sindikukana kuti amagwira ntchito, inenso ndimanyamula m'chikwama. Ndikukana kuyamba nawo. Ndakhala ndikusamala mathanki a anthu kuno ku Johannesburg zaka zoposa khumi, ndipo chimene ndaona n'chakuti cyano ali ngati utsi. Ukaona utsi sukupiza utsiwo, umafunafuna pamene pakuyaka. Mukamupha ndi mankhwala choyambitsa chili pomwepo, malo amene wasiya alowapo wina, ndipo mu thanki ya nitrate 0 ngati iyi wolowayo kawirikawiri ndi ma dino aja anena achemwali.

Ndikuuzeninso za ine mwini. Kale ndisanadziwe, ndinathira mankhwala opha mabakiteriya a erythromycin mu thanki ya kasitomala madzulo, skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu) nditazimitsa, mwala wa mpweya sindinaike chifukwa ndinati mapampu akukwana. Usiku magetsi anazima maola anayi. Cyano akamafa wambiri nthawi imodzi, mabakiteriya ena amamuwoletsa ndipo amamwa okosijeni yense. M'mawa ndinapeza nsomba zili pamwamba kukamwa yasaa, tang wamkulu ali pansi wauma. Ndinalipira ndi ndalama zanga, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ndiye mphwanga ali yekha pa nyumba ya eni, thanki si yake, ine sindingamuuze kuti ayambe ndi njira imene ikalakwika imalakwika usiku umodzi.

Mphwanga, chitani ichi. Tengani chakudya cha flake pang'ono, muchinyowetse, muchitaye pakati pa thanki, muone kumene chikupita ndi kumene chikukagwa.

Wankhotakota
Akulu! Chonse chikuzungulira kumanja, chikafika kumanzere chikungotsika pansi pang'onopang'ono, pamalo pomwe zinayambira paja. Ndasuzumira kuseri kwa miyala, wavemaker (pampu yopanga mafunde) yakumanzere siikuzungulira. Kanyali kake pa controller kakuyaka bwinobwino, n'chifukwa chake sindinadziwe. Ndaigwira, ikunjenjemera chabe. Ndikuganiza kuti inaima tsiku lija magetsi anazima, papita mwina milungu iwiri ndi theka.

Akulu a Mathanki
Moto woyamba ndi umenewo. Itulutseni, muimasule, mupeza kachitsulo kapakati kagwidwa ndi ndere zolimba za coralline ndi laimu. Pampu ikamazungulira imalimbana nazo, koma ikangoima siithanso kudzuka. Muviike mu madzi a citric acid kapena viniga woyera maola angapo, mutsuke ndi mswachi wakale, mutsukuluze ndi madzi osefedwa a RO, mubwezere. Inayonso muichite chimodzimodzi mawa, osati zonse tsiku limodzi. Pobwezera muilozetse moti madzi azisesa pamwamba pa mchenga koma osaufukula. Cyano sagwira bwino pamene madzi akuthamanga, ndipo zinyalala zimene amadya zimatera pamene madzi aima.

Wachiwiri ndi TDS 9. Madzi otuluka mu sefa ya RO/DI yoyeretsa madzi a pampopi azikhala pa 0. Yang'anani resin, timikanda tosefera, mu botolo lomaliza la sefayo, ngati wasintha mtundu kuchoka pa buluu kukhala bulauni mpaka pamwamba ndiye watha ntchito. Madzi owonjezera tsiku lililonse akulowa ndi zinthu zimene simukuziona.

Tsopano ndiuzeni zonse zimene zimalowa mu thanki. Zonse, ngakhale zimene mukuona ngati zazing'ono.

Wankhotakota
Resin ndi wabulauni yense. Zolowa: dosing pump, imene imadonthezera yokha mankhwala mu thanki, ili ndi mabotolo anayi. Alkalinity, calcium, magnesium, ndi lachinayi lopanda dzina limene abwana amadzazamo okha. Ndalitsegula, likununkha kachasu weniweni. Amathiranso amino acid kawiri pa sabata, anandisiyira kuti ndizipitiriza. Chakudya anati ka cube kamodzi ka mysis patsiku, koma ndisaname, chichokereni iwo ndakhala ndikuponya tiwiri ndi ma pellet pamwamba, chifukwa tang uja amandilondola pa galasi ngati mwana wamasiye.

Kabaza265
Imani kaye. Nsomba za ku Umhlanga zimamwa kachasu? Pa pampu? Tsiku lililonse? Ine ndinabadwira kolakwika 😂😂

Achemwali a ku Leicester
Ndi vodka ameneyo, a Kabaza, ndipo si wa nsomba. Ena amathira viniga kapena shuga. Amadyetsa mabakiteriya kuti achulukane, akamakula amatenga nitrate ndi phosphate m'madzi, kenako skimmer imawachotsa. Vuto lake njira imeneyi imadya nitrate wambiri kuposa phosphate, ndiye mapeto ake ndi manambala ngati a achimwenewa. Ndipo cyano naye ndi bakiteriya, phwando limenelo amadya nawo.

Achimwene, tang amapempha ngakhale atakhuta, ndi khalidwe lake. Mupatseni nori, ndere zouma za m'nyanja, pa kachipanira azibudula tsiku lonse. Mysis muzisungunula mu kapu, musefe pa kaneti, madzi akewo mutaye, chifukwa msuzi umenewo nsomba sizidya, umangopita kwa cyano. Bwererani pa ka cube kamodzi koma osatsika kuposa apo.

Akulu a Mathanki
Amino acid imani kaye lero lomwe. Vodka musazimitse kamodzin'kamodzi, mudule theka, pakatha sabata tione nitrate. Tikufuna akwere afike pakati pa 5 ndi 10, phosphate akhale pakati pa 0.03 ndi 0.1. Koma apa pali nkhani ina. Dosing pump ndi ya abwana, anaitchera okha. Musanaigwire muwauze.

Wankhotakota
Apo ndiye pondivuta. Ndimafuna ndikonze mwakachetechete. Ndikawauza aziti ndalephera ntchito, ndiponso za chakudya zija ndi ine ndinalakwitsa.

Achemwali a ku Leicester
Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene. Munthu aliyense wosunga thanki yamchere cyano amamudziwa, abwana anuwo si koyamba kumuona. Atumizireni chithunzi, muwauze kuti mwapeza wavemaker yaima ndipo mwaikonza, resin watha, ndipo mukupempha chilolezo chodula vodka. Wantchito amene wapeza zonsezo yekha sachotsedwa ntchito. Koma akadzaona pa controller kuti munasintha manambala osawauza, kukhulupirirana kwatha.

Mwana wa ku Chipata
Apa ndiye ndikugwirizana ndi amayiwa. Komanso ndalama ya resin atulutse ndi bwana, osati inu.

Wankhotakota
Ndawalembera. Ayankha kuti zikomo, ndigule resin pa khadi la pa nyumba, vodka ndidule theka. Za chakudya angoseka, akuti tang uja amawanamiza iwonso. Mtima watsika. Nanga zofiira zili kalezi ndizichotse bwanji? Ndikapukusa zimangobalalika.

Akulu a Mathanki
Kupukusa ndi kufesa, lekani. Tengani payipi yopyapyala, ngati ya mpweya ija kapena yokulirapo pang'ono. Muchite madzulo nyali zisanazime, pamene chikopa chakhuthala, chifukwa nthawi imeneyo chimanyamuka chathunthu. Zimitsani ma wavemaker, ikani nsonga ya payipi m'mphepete mwa chikopacho, muona chikulowa chokha ngati mukusenda mbatata yophika. Chala chikhale pa mapeto enawo kuti muzitseka mchenga ukayamba kukwera. Ngati simukufuna kutaya madzi, mapeto a payipi muwaike mu filter sock, kathumba kosefera, mu sump, mukatha sock muitulutse nthawi yomweyo mukachape. Pa ma zoa musakhudze ndi payipi, muwapemerere madzi ndi turkey baster pang'onopang'ono uku payipi ili pafupi kulandira zonyamukazo. Tsiku lililonse, mphindi khumi ndi zisanu. Chikho cha skimmer muzitsuka masiku awiri alionse, khosi lake likakhala ndi matope silikoka bwino.

Kusintha madzi dikirani resin watsopano, kenako 10 peresenti pa sabata ndi yokwana. Mchenga wonse musauvundule tsiku limodzi, kagawo kamodzi pa ulendo.

Ndipo payipi osakoka ndi pakamwa. Idzazeni madzi kaye, mutseke ndi chala, kenako mutsitse.

Mphunzitsi wa ku Zomba
Mfundo ya pakamwayo ndiitsindike. Mitundu ina ya cyanobacteria imapanga poizoni. Mu 2020 ku Botswana kunafa njovu zoposa 300, ndipo boma la kumeneko linanena kuti zinamwa madzi okhala ndi poizoni wa cyanobacteria. Amene muli ku South Africa mukudziwanso mmene damu la Hartbeespoort limabiriwira. Imeneyo ndi mitundu ya m'madzi opanda mchere, si yomwe ili mu thanki yanu, koma ya m'nyanja yamchere ngati Lyngbya imadziwika kuti imayabwa ndi kutupitsa khungu. Valani magolovesi, makamaka ngati muli ndi bala.

Akulu a Mathanki
Ndipo choopsa kwambiri mu thanki imeneyo si cyano, ndi ma zoa ndi achibale awo ma paly. Ena ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Musayerekeze kutulutsa mwala wokhala nawo n'kuukwecha ndi burashi, kapena kuuthira madzi owira kuti muphe zofiira. Nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala. Zonse muchitire m'madzi, mukatha musambe m'manja musanagwire kumaso.

Wankhotakota
Abale, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ma wavemaker onse akuyenda, TDS 0, ndasintha madzi malita 45. Ndaikanso fani pa sump, kutentha kwatsika kufika 26. Nitrate wayamba kuonetsa kapinki pang'ono, ngati 2. Phosphate 0.10. Kukona kuja zachepa kwambiri, koma pakati pa mchenga ndi pa miyala iwiri zikubwerabe masana alionse, zopyapyala. Ma zoa atatu atseguka, ena ayi. Kwatsala masiku 15. Ndikuona ngati zikuchedwa.

Mwana wa ku Chipata
Ndinanena ine. Manje mukanakhala mutaiwala.

Achemwali a ku Leicester
Masiku asanu ndi limodzi pa thanki yamchere ndi dzulo, bambo inu. Koma poti choyambitsa chagwidwa, ine ndikanazimitsa nyali masiku atatu kuti ndimudule miyendo. Akulu mukuti bwanji?

Akulu a Mathanki
Tsopano inde. Sabata yatha ndikanakana, chifukwa mdima wokha umangomubisa. Muli anemone, kanyama kooneka ngati duwa kaja, mu thankimo? Ngati alipo ndiuzeni, chifukwa mu mdima amayamba kuyenda kusaka kuwala n'kukalowa mu pampu.

Wankhotakota
Mulibe. Ma clownfish amagona mu hammer coral.

Akulu a Mathanki
Chabwino. Madzulo a lero kokani zofiira zonse zimene mungathe, kuti zofera mkati zikhale zochepa. Kenako zimitsani nyali, mbali zonse za galasi mutchinge ndi makatoni. Pamwamba musatseke ndi pulasitiki, ndi kutentha kwa Durban muphika nsomba, komanso mpweya uyenera kulowa. Skimmer iziyenda usana ndi usiku, mapampu onse aziyenda, ndipo pampu ya mpweya ya batire ikhale pafupi magetsi akazima. Filter sock muzisintha tsiku lililonse. Nsomba muzipatse pang'ono kamodzi patsiku, mutsegule katoni imodzi mphindi zochepa kuti zione chakudya. China chimene ambiri amaiwala: mu mdima makorali amachepetsa kumwa alkalinity, koma dosing pump siidziwa zimenezo, imangothirabe. Muziyeza tsiku lililonse, ikadutsa 9 muimitse kaye. Masiku atatu okha, makorali amapirira ngati mmene amapiririra kukachita mitambo ya namondwe. Potsegula musayatse nyali zonse, tsiku loyamba theka, muzikweza pang'onopang'ono kwa masiku anayi kapena asanu.

Nyalizo ndi za mtundu wanji?

Wankhotakota
LED pakati, ndi machubu a T5 awiri m'mbali. Machubuwo chibwerereni ine sanasinthidwepo.

Akulu a Mathanki
Ndiye apitirira chaka. T5 amasinthidwa pakatha miyezi 9 mpaka 12, chifukwa akakalamba kuwala kwake kumasintha ngakhale diso silikuona. Koma zimenezo musiyire abwana akabwera, tasintha zinthu zambiri kale. Mukatsegula muyatse LED yokha.

Kabaza265
Ine ndikungowerenga. Makatoni, batire, kachasu, magolovesi. Mbuna zanga ndazipsompsona pa galasi m'mawa uno.

Wankhotakota
Ndachotsa makatoni m'mawa uno. Abale, mchenga uli mbuu! Miyala yayera, skimmer yatulutsa zakuda zonunkha zodzaza chikho kawiri. Nsomba zonse zilipo. Alkalinity inakweradi kufika 9.2 tsiku lachiwiri, ndinaimitsa pampu monga munanenera, lero ili 8.6. Hammer wafota pang'ono ndipo korali imodzi ya montipora yatuwa m'mphepete.

Achemwali a ku Leicester
Hammer adzuka akaona kuwala, mupatseni masiku awiri. Montipora muziiyang'ana, ngati timaluwa take tikutuluka ndiye ili moyo. Musathamangire kukweza nyali chifukwa cha iyo.

Mwana wa ku Chipata
Zabwino ba Wankhotakota. Koma tidikire sabata, mdima ndimaudziwa ine.

Wankhotakota
Bambo a ku Chipata munalosera. Lero ndi tsiku lachisanu chitsegulireni, kadontho kabwerera pansi pa mwala waukulu, kakakulu ngati ndalama ya R5. Kwina konse kuli bwino. Nitrate 5, phosphate 0.08. Ndakakoka ndi payipi, ndipo pansi pake ndapeza zinyalala zambiri zotuwa ngati phulusa, zaunjikana m'kamphako ka mwalawo.

Akulu a Mathanki
Kameneko sikandiopsa. Kakuonetsani pamene madzi sakufikabe. Pemererani m'mphakomo ndi baster masiku awiri alionse, wavemaker muipendeketse pang'ono kuti mafunde azilowa pansi pa mwalawo. Vodka akhale pa theka pomwepo, musadulenso, nitrate wafika pamene timafuna. Amino acid asabwerere mpaka patadutsa mwezi muli mbee. Ngati abwana alola, gulani nkhono za cerith khumi ndi nkhono yaikulu ya conch imodzi. Sindikulonjeza kuti zidya cyano, zambiri zimamukana, koma zimatembenuza mchenga ndi kudya zinyalala asanazipeze iye.

Kadonthoko kakadzakula kuposa chikhatho manambala ali bwino chonchi, pamenepo nditenga mbali ya bambo a ku Chipata, koma abwana ali pakhomo ndipo mwala wa mpweya uli mkati.

Mwana wa ku Chipata
Ndasunga uthenga umenewu, akulu, tidzaonana 😄

Wankhotakota
Abwana afika dzulo usiku. Asanatsitse n'komwe zikwama anapita pa thanki ndi tochi ya pa foni. Kadontho kaja kalipobe koma kachepa, ngati chikhadabo, ndimakakoka m'mawa uliwonse. Ma zoa onse atseguka kupatula kagulu kamodzi kamene kanasungunuka. Montipora ikubwerera mtundu. Conch tinagula, akulima mchenga ngati thirakitala. Machubu a T5 aitanitsa, ndipo akuti kuyambira tsopano Loweruka loyamba la mwezi ndizimasula mapampu ndi kuyeza TDS, andilembera pa chitseko cha kabati. Afunsanso kuti zonsezi ndinazidziwa bwanji, ndawauza kuti ndili ndi akuluakulu kwathu. Zikomo kwambiri akulu, achemwali, aphunzitsi, ndi inu bambo a ku Chipata.

Kabaza265
Ine simunandithokoze, chabwino. Funso limodzi lokha achimwene. Theka la kachasu limene nsomba zasiya kumwa lija likupita kuti?

Wankhotakota
Aise, botololo abwana analemba mzere ndi cholembera asananyamuke.